PHUNZIRO LA ZOMERA ZOSUNGA MADZI

Kwa akuwerenga athu a ku Mzimba, ku Embangweni, ku Edingeni, ku Jenda, ku Champhira, ndi m'midzi yonse ya kumwera kwa dziko la Inkosi M'mbelwa.

M'mwezi wa October, pamene udzu wapsa, mitsinje yaing'ono yasanduka mcenga wokha wokha, ndi ng'ombe ziyenda mitu pansi kufuna msipu, wapaulendo akakweza maso ace apeza zomera zina ziri zobiriwira monga ngati mvula inagwa dzulo. Pamatanthwe pali cinthembwe ca masamba onenepa. Pakhola ndi kumanda kuli nkhadze. M'malire a minda muli khonje. Ndipo pamabwinja ena pali kaloga, amene abale obwera ku Harare ndi ku Joni amucha dolofiya. Zonsezi tizicha m'phunziro lino zomera zosunga madzi.

Anthu ambiri aziyesa zosafuna cisamaliro, nati, Cinthu cosafa ndi dzuwa cidzafa ndi ciani? Koma ife taona mpanda wa nkhadze wobzalidwa ndi thukuta lambiri utabvunda mwezi usanathe. Taona cinthembwe cozulidwa kuphiri cirikufera m'citini pakhonde. Taonanso ana alikulira ndi maso otupa. Izi sizinadza ndi tsoka iai, koma ndi kusadziwa. Pakuti zomera izi sizifuna nchito yambiri, zifuna nzeru. Ndipo cozipha kawiri kawiri si ludzu, koma madzi, moto, ndi khasu la munthu. Cifukwa cace tiyeni tiziphunzire bwino.

I. NKHOKWE YA MADZI

Kwathu kuno mvula iyamba m'November kapena m'December, nileka m'April, ndipo zaka zambiri sifika mamilimita 1,000. Pambuyo pace pali miyezi 6 kapena 7 ya thambo loyera. Comera ciri conse ciri nayo njira yace yakupirira nyengo imeneyi. Udzu ufa, nusiya mbeu zace m'nthaka. Mitengo yambiri ya m'chire iyoyola masamba, nitumiza mizu yace pansi patali. Koma zomera zathuzi zicita monga mwini banja wanzeru wakumanga nkhokwe m'masika: zimwa m'dzinja, nizisunga madziwo m'masamba kapena m'tsinde, ndi kuwatapa pang'ono pang'ono kufikira mvula yina.

Ndipo nkhokweyo ndi yomata bwino. Khudzani tsamba la cinthembwe kapena la khonje, mudzamva khungu lolimba, monga lopakidwa phula. Ndilo liletsa cinyezi kuturuka. Koma cozizwitsa coposa ndi ici. Tsamba liri lonse liri ndi tiziboo tosaoneka ndi maso, timene mpweya ulowera ndi cinyezi citurukira. Cimanga ndi nyemba zitsegula tiziboo timeneti usana, dzuwa lirikutentha, motero zitaya madzi ambiri. Ndico cifukwa cimanga cipota masamba ace pa ng'amba. Koma cinthembwe, khonje ndi kaloga zitseka usana, nizitsegula usiku kutazizira. Zitenga mpweya usiku, niziusunga m'kati mwao ngati madzi owawasa. Ndipo kutaca ziusandutsa cakudya ndi kuunika kwa dzuwa, makomo ali citsekere. M'caka ca 1815 inasindikizidwa kalata ya sing'anga wina wokhala ku India, Benjamin Heyne, yakunena kuti masamba a comera cina cotere anali owawasa m'mawa, koma pofika usana kuwawasako kunatha. Ndipo patapita zaka zambiri ophunzira anazindikira cifukwa cace. Inu musayese kulawa, pakuti zina ziri ndi ululu.

Mizu yace nayo siyenda pansi patali. Iyala pamwamba, kuti ilandire ngakhale kamvula kowaza, ndipo ifuna mpweya monga ifuna madzi. Tsono taonani phunziro lathu loyamba. Comera cakutaya madzi pang'ono cimwanso pang'ono. Mukacithirira tsiku ndi tsiku monga mpiru wa kudimba, nkhokwe yace yadzala kale, madziwo angokhala pamizu, mizu nibvunda. Ndiponso comera cotseka makomo ace usana wonse sicikula msanga. Wocibzala akhale wodekha mtima.

II. ENI DZIKO NDI ALENDO

Cinthembwe ndi nkhadze ndizo eni dziko lino. Khonje ndi kaloga ndi alendo ocokera ku Mexico. Kaloga ndi wa banja limene ophunzira alicha cactus, ndipo banja lonseli kwao ndi ku America, kupatula mtundu umodzi wokha, Rhipsalis, wolendewera m'mitengo ya m'nkhalango zamvula za Africa. Cotero mtengo uja waukuru wa nthambi zoloza kumwamba ngati zala, umene tiuona pazulu ndi pamiyala, suli cactus iai, cinkana alendo ambiri auyesa comweco. Uli mbale wace wa nkhadze ya mpanda, ndipo banja lao licedwa Euphorbia.

Kusiyanitsa kumeneku si kwa m'sukulu mokha. Maso a munthu apulumuka nako. Lasani comeraco ndi kamtengo kosongoka, nkhope yanu iri patali. Pakaturuka utomoni woyera ngati mkaka, ndico ca banja la nkhadze, ndipo utomoniwo ndi ululu. Pakaturuka madzi oyera mbe, otelera ngati therere, ndiye kaloga kapena mbale wace. Penyaninso minga. Ya kaloga imera pamodzi pamodzi pa tizigawo tofewa ngati thonje, pamodzi ndi timinga tina tating'onong'ono tolowa m'khungu. Ya nkhadze yaikuru, ikakhalapo, imera iwiri iwiri m'mphepete mwa nthambi, monga nyanga za ng'ombe. Ndipo nkhadze ya mpanda iribe minga konse. Duwa la kaloga ndi lalikuru lowala, la nkhadze ndi laling'ono losaoneka bwino.

Cinthembwe ndi khonje zifanana pokhala patali, koma thyolani tsamba. La cinthembwe lithyoka msanga, liribe luzi, ndipo m'kati muli mnofu wamadzi wotelera, ndi madzi acikasu owawa pansi pa khungu. La khonje likana kuthyoka cifukwa ca luzi lace, ndipo liri ndi munga umodzi wolimba kunsonga. Cinthembwe cicita maluwa caka ndi caka, nicikhalabe ndi moyo. Khonje acita maluwa kamodzi kokha, nafa.

III. CINTHEMBWE CA DZINA LA KWATHU

Kodi mudziwa kuti dzina la Mzimba lilembedwa m'mabuku a zomera a dziko lonse lapansi? M'caka ca 1941 ophunzira awiri, mai Inez Verdoorn wa ku Pretoria, ndi H. B. Christian, mwini munda wa Ewanrigg pafupi ndi Harare, analongosola mtundu wa cinthembwe umene sunalembedwe kale, naucha Aloe mzimbana, ndiko kunena, cinthembwe ca ku Mzimba. Cimera pamiyala, ciribe tsinde lalitali, ndipo cibala ana m'mbali mwace kufikira ziunjikana zambiri pamalo amodzi. Masamba ace ndi otumbuluka, ofiira m'mphepete momwe muli mano. Maluwa ace ndi ofiira. Cipezekanso ku Zambia, ku Tanzania ndi ku Congo, koma kuli konse cinyamula dzina la kwathu.

Iriponso mitundu yina m'dziko la Malawi. Aloe christianii, cochedwa dzina la Christian yemweyo m'caka ca 1936, cimera m'chire ndi m'maudzu, ndipo m'miyezi yacisanu citurutsa phesi la maluwa lalitali kufika msinkhu wa munthu kapena kuposa. Aloe cameronii, cimene masamba ace afiira ngati mkuwa m'malimwe, cinatumizidwa ku munda wa Kew ku London m'caka ca 1894 ndi Kenneth Cameron wa kampani ya Mandala, nicilandira dzina lace m'caka ca 1903. Koma Aloe vera, cimene anthu abzala pakhomo ndi kugula m'sopo ndi m'mafuta odzola, si ca kuno. Kwao ndi ku Arabia.

Maluwa a cinthembwe adza pa nyengo yosowa maluwa ena, ndipo njuci ndi timbalame ta coso tidya pamenepo. Nanga bwanji cimera pamatanthwe, posowa nthaka? Cifukwa pamenepo madzi saima, ndipo moto sufika ndi mphamvu, popeza udzu ucepa. Moto wa m'June upita msanga, nusiya zambiri ziri zamoyo. Koma moto wa m'October, wa udzu wouma ndi mphepo, uphika tiana ndi mbeu zomwe. Mdani winanso ndiye munthu wakuzula tsinde lonse cifukwa ca masamba awiri. Ku South Africa, kuyambira caka ca 2019, akuba azula zomera zosunga madzi zosawerengeka m'dziko la Namaqualand, kukazigulitsa kutsidya la nyanja, ndipo malo ena atsala miyala yokha. Maiko anapangana pangano lochedwa CITES ku Washington m'caka ca 1973, ndipo Malawi analowamo m'caka ca 1982. Mwa pangano limeneli cinthembwe ca m'chire sicioloka malire a dziko popanda kalata ya Boma. Koma pangano la pa pepala silingathe kulonda phiri, olilonda ndife.

Za mankhwala tinene poyera. Mnofu wa m'kati wa Aloe vera, wotsukidwa bwino, uziziritsa pakhungu popsa pang'ono. Koma bala lalikuru la moto, makamaka la mwana, ndi la kucipatala. Madzi acikasu owawa aja atsegula m'mimba kolimba. Mkazi wapakati ndi mwana wamng'ono asamwe. Ambiri athira masamba a cinthembwe m'madzi akumwa nkhuku pa nthawi ya citopa. Koma cochinjiriza nkhuku ndiye katemera wodontheza m'diso, wobwereza miyezi 4 iri yonse. Wokhulupirira cinthembwe cokha adzasesa khola.

IV. MALAMULO A KUOKA NDI KUSAMALA

1. Tengani mwana, siyani make. Patulani ndi mpeni wakuthwa mphukira ya m'mbali, ya mizu yace iwiri kapena itatu, ndi kubwezera nthaka ndi miyala pa tsinde lotsalalo. Ndipo mnansi wanu akakhala naco pakhomo, pemphani kwa iye, phiri lipumule.

2. Umitsani bala. Ici ndico ciiwalika koposa. Mphukira kapena nthambi yodula igone pamthunzi pouma masiku 7, yonenepa masabata awiri, kufikira podulapo pauma ndi kucita nkhanambo. Bala laliwisi likakhudza nthaka yonyowa, cibvundi cilowa pomwepo. Musaope kuti cifota. Nkhokwe yace icidyetsa. Kuwaza phulusa kapena makala osinja pabalapo kuthandiza.

3. Sankhani nthaka yosasunga madzi. Dambo ndi makande ndi manda a zomera izi. Funani potsetsereka, kapena unjikani kamtumbira kosanganiza ndi miyala. Za mumphika, sanganizani miyeso iwiri ya mcenga wokhakhala wa kumtsinje, muyeso umodzi wa nthaka ya pamwamba, ndi umodzi wa manyowa akale ouma, osanduka dothi. Ndowe yaiwisi iocha mizu, niitana ciswe.

4. Mphika ukhale wobooka pansi. Mbiya yong'aluka, imene amai aitaya, ndiyo yoposa citini ndi pulasitiki, pakuti dothi lipuma, ndipo silitentha mizu. Ikani mapale ndi timiyala pansi pace. Mphika waukuru kwa comera cacing'ono usunga madzi ocuruka, sankhani wolingana.

5. Musakwirire khosi. Mizu yokha ilowe pansi, masamba akhale pamwamba pa nthaka. Cikapendeka, cicirikizeni ndi miyala. Ndipo musathirire tsiku lakuoka, dikirani sabata.

6. Thirirani kwambiri, koma kamodzi kamodzi. Pisani cala m'nthaka. Mukamva cinyezi, bwererani nayo ndowa yanu. M'September ndi m'October za mumphika zimwa kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. M'June ndi m'July, pozizira, zingakhale mwezi wonse. Za pansi zogwira kale sizifuna kuthirira konse. M'January ndi m'February, mvula ikagwa masiku otsatana, sendezani miphika pansi pa cindwi la khonde. Lamulo ili likhudza makamaka tija tozungulira taminga togulitsidwa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, pakuti tambiri ta ito kwao ndi ku maiko ouma koposa kuno.

7. Zoloweretsani dzuwa pang'ono pang'ono. Comera cokhalitsa m'nyumba cikaturutsidwa pa dzuwa la masana cipsa, nicicita zipsera zosapola. Yambani ndi dzuwa la m'mawa. Cikatalika coonda ndi cotuwa, cirikulira kuunika. Cikafiira m'malimwe, si nthenda iai, ndiwo macitidwe ace.

8. Penyani adani. Tinsabwe toyera ngati thonje tibisala m'mphanda za masamba. Tipukuteni ndi kansaru konyika m'madzi a sopo, ndi kupitikitsa nyerere zimene zititenga. Pakati pa cinthembwe pakagwa, fukulani, mudzapeza mphutsi za nankafumbwe wamkuru. Ziphani, ndi kutentha zobvundazo. Tsinde likada kunsi ndi kufewa, dulani pamwamba pa pobvundapo kufikira mnofu woyera, umitsani, ndi kuokanso m'nthaka yatsopano.

Wofuna zambiri afese mbeu. Zipatso za cinthembwe zikauma ndi kuyamba kung'ambika, zikutumuleni m'cikho, fesani pamcenga wonyowa pamthunzi m'miyezi yofunda, ndi kuwaza mcenga wocepa pamwamba. Maluwa adzadza patapita zaka 3 kapena 4. Kuona maso a nkhono nkudekha.

V. MPANDA WA NKHADZE

Dziko lathu ndi la ng'ombe ndi mbuzi, ndipo popanda mpanda palibe dimba. Koma tawerengani mitengo imene khola limodzi ndi dimba limodzi zidya, ciswe cikatha yakale ndi kufuna yina. Taonaninso m'mene nkhalango ya Perekezi ndi mapiri a pafupi ndi midzi alikuyera cifukwa ca nkhwangwa ndi makala. Mpanda wamoyo ubzalidwa kamodzi, nukhala zaka zambiri, ndipo ciswe siciufuna.

Tikumbukira sukulu yina ya kumudzi, kumene ife ndi ana tinadula nthambi za nkhadze m'January, ndi kuzibzala tsiku lomwelo m'ngalande yamatope, tirikukondwa kuti mvula idzatithirira. Pofika February zambiri zinada kunsi, nizinunkha. Akuru a pamudzi anatiseka, nati, Walira mvula walira matope. Ndipo anatilangiza kudikira October. Tinadula nthambi zokhwima, zotalika mkono umodzi kapena iwiri, tinazigoneka pamthunzi sabata, tinazizika m'nthaka youma kuya kwace cikhato cimodzi ndi theka, mizere iwiri yoyandikana, ndi kupondera. Mvula yoyamba inapeza mabala atapola, ndipo mpandawo unagwira. Ukafika msinkhu wa munthu, udulidwe pamwamba, kuti ucite nthambi kunsi. Mukaulekerera usanduka mitengo, mbuzi nizipita pansi pace. Siyaninso danga pakati pa mpanda ndi mzere woyamba wa mbeu, cifukwa ca mthunzi ndi mizu.

Koma safunsa anadya phula. Imvani za utomoni. Dontho limodzi m'diso liocha ngati moto, ndipo likhoza kucititsa khungu masiku angapo, ngakhale kuononga diso. Wodula nkhadze aphimbe maso ndi magalasi, asankhe tsiku lopanda mphepo, asapukute thukuta ndi dzanja, ndipo ana akhale patali. Utomoni ukalowa m'diso, musatikite. Thirani madzi abwino osaleka kufikira theka la ora, diso liri cipenyere, ndipo tsiku lomwelo pitani naye wodwalayo kucipatala, ku Embangweni, ku Katete, kapena ku Boma ku Mzimba. Musasonkhe nkhadze pamoto wophikira, pakuti utsi wace ulasa maso. Musaithire m'madziwe kupha nsomba, pakuti ipha zazikuru ndi tiana tomwe. Ndipo uci wa njuci zodya maluwa a nkhadze yaikuru uocha kukhosi.

Ciriponso cina. M'caka ca 1993 madokotala ofufuza ku Lilongwe analemba kuti nkhadze ipezeka kawiri kawiri pamakomo a ana odwala cotupa ca m'nsagwada ndi m'mimba cochedwa Burkitt, koposa pamakomo a ana ena. Magwero akuru a nthendayo ndiwo malungo ndi kacirombo kochedwa Epstein-Barr. Koma poyesa m'nyumba zopimira anaona kuti utomoni wa nkhadze udzutsa kacirombo kameneka. Cifukwa cace tikulangizani: nkhadze ikhale kukhola, kumunda ndi kumanda, isakhale pabwalo posewera ana, ndipo ana aletsedwe kumatira nao utomoniwo zoseweretsa zao. Mpanda wa pasukulu uja, tikadadziwa ici, tikadaubzala ndi mtengo wina.

VI. KHONJE

M'caka ca 1893 Mjeremani wina, Richard Hindorf, anaitanitsa tiana ta khonje 1,000 ku Florida; tamoyo tofika ku gombe la Tanganyika tinali 62 tokha, ndipo mwa timeneto inacokera minda yaikuru ya khonje ya kum'mawa kwa Africa. Phindu lace kwa ife ndi cingwe. Munthu akasenda luzi pa mombo kuzungulira tsinde lonse, mtengowo ufa. Koma mzere umodzi wa khonje m'malire a munda upatsa banja zingwe za mbuzi, za denga ndi za nkhokwe, nuletsanso nthaka kukokoloka.

Bzalani mphukira za m'mbali, kapena tiana tomera pa mlongoti wa maluwa, timene tigwa mazana mazana. Titayamba takula m'kamunda kufikira cikhato cimodzi kapena ziwiri, tiokeni mvula itayamba, motalikirana phazi lalikuru limodzi. Kudula kuyamba patapita zaka 2 kapena 3. Dulani masamba a kunsi okha, ndi kusiya a pakati osacepera 20, kuti tsinde lisafoke. Khonje mmodzi akhala zaka 7 kufikira 10, nabala masamba 200 kapena 250. Pamenepo aturutsa mlongoti, umene uuma nukhala phaso lopepuka. Kumbali ya njira sadzani minga ya kunsonga, ingalase ana ndi ng'ombe m'maso.

VII. KALOGA, MLENDO WOFUNA KUMLONDA

Zipatso za kaloga nzokoma, ndipo masamba ace onga zikhato adyetsa ng'ombe m'malimwe, pakuti magawo 9 a magawo 10 ndi madzi. Kumbzala nkosabvuta: umitsani tsamba masabata awiri, ndi kulizika coimirira, gawo limodzi la magawo atatu pansi. Koma cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kusabvuta komweko ndiko kuopsa kwace. Cidutswa ciri conse cogwa pansi cigwira mizu, ndipo mbalame, anyani ndi anthu omwe amwaza njere zace.

Ku Australia anabwera nao abale a kaloga kudzacita mipanda. Pofika caka ca 1925 anali atadzaza maekala 60 miliyoni, ndiko kuwirikiza kawiri dziko lonse la Malawi pamodzi ndi nyanja yace. Ndipo alimi ambiri anasiya minda ndi nyumba zao. Cowapulumutsa cinali kagulugufe ka ku Argentina, Cactoblastis, komasulidwa m'caka ca 1926, kamene mphutsi zace zidya kaloga m'kati. Ku South Africa kaloga waminga analanda mabusa a ku Eastern Cape, kufikira anatengako kagulugufe komweko m'caka ca 1933, ndi tinsabwe tina m'caka ca 1938. Komweko, ku sukulu ya zaulimi ya Grootfontein, analandira mitundu yopanda minga m'caka ca 1914, ndiyo imene alimi abzalira ziweto.

Tsono wofuna kaloga asunge izi. Abzale wopanda minga yekha, pamalo amodzi poonekera, osati m'mbali mwa mtsinje kapena pabusa. Azule timene tamera tokha ndi njere, pakuti tambiri tibwerera ku minga. Zodula asazitaye kudzala. Aziumitse pathanthwe ndi kuzitentha, kapena azikwirire m'dzenje lakuya. Popatsa ng'ombe, azidule ndi kusanganiza ndi mapesi, udzu wouma ndi masangwi a mtedza, pakuti kaloga yekha atsegula m'mimba. Zipatso zichedwe m'mawa mame asanaume, ndi kupukutidwa ndi udzu kucotsa timinga, ndi kusendedwa. Ndipo ana asadye zambiri nthawi imodzi, popeza njere zace zimanga m'mimba kolimba.

VIII. COCITA MWEZI UNO

Sitikupemphani ndalama kapena mbeu yogula kusitoro. Mbiya yosweka iripo, mcenga uli kumtsinje, mphukira iri kwa mnansi. Aphunzitsi akonze kamtumbira ka miyala pasukulu, naokepo mitundu ya cinthembwe ya pafupi, mwana ali yense adziwe kusiyanitsa ca mkaka ndi copanda mkaka. Nyakwawa ndi akuru apangane za moto, kuti matanthwe a cinthembwe alambulidwe m'mbali udzu usanaumitsitse. Ndipo amene afika ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Zomba akaone minda ya zomera ya National Herbarium and Botanic Gardens, yokhazikitsidwa ndi lamulo m'caka ca 1987. Cidzakhala camanyazi ngati adzukulu athu adzawerenga dzina la Aloe mzimbana m'buku, nadzalifuna pamiyala ya kwao osalipeza.

MAFUNSO AKUFUNSANA POWERENGA PAMODZI

1. Cifukwa ninji cinthembwe sicifota m'October, pamene cimanga cifota pa ng'amba ya masabata awiri?
2. Mudzazindikira bwanji comera ca banja la nkhadze ndi ca banja la kaloga?
3. Nthambi yodula igoneranji pamthunzi isanabzalidwe? Ndi mwezi uti woyenera mpanda wa nkhadze?
4. Utomoni ukalowa m'diso la mwana, mudzayamba kucita ciani, ndipo mudzaleka ciani?
5. Tiphunzira ciani kwa alimi a ku Australia?
6. Pafupi ndi mudzi wanu cinthembwe cimera pati? Kodi cacuruka kapena cacepa ciyambire ubwana wanu, ndipo cacepetsa ndani?